Dzina la Apongozi pa Windo la Chipatala

Mwana wanga woyamba anadwala nyengo yokumba nshawa, ndiwo mtedza, zaka zija za Chitaganya, asanayambe n'komwe kukwawa. Thupi linatentha, maso analowa m'kati, kenaka anakana bele. Kutentha ndinapilila nako, koma kukana bele ndiko kunandithetsa nzelu, pakuti mwana ameneyu anali woyamwa ngakhale ali m'tulo, ndipo tsopano ndikamuika pachifuwa amangotembenuza mutu ngati ndamupatsa mwala. Bambo ake anali ku Halale, kumapulazi a fodya. Ine ndinali mtengwa m'mudzi wa kwao, kwa Nyalugwe, mtsikana wamng'ono wongochoka kumene kusukulu ya mishoni n'kulowa m'banja, wodziwa kulemba ndi kuwelenga koma wosadziwa chochita ndi mwana wokana bele.

Ndiyenela kufotokoza za dzina la mwanayo, ngakhale sindilitchula, ndipo mpaka lelo sindinalitchulepo. Mchombo utagwa, akuchimuna anamupatsa dzina la agogo ake, bambo a amuna anga. Dzina lomwelo ndilo amuna anga analembetsa pa chitupa ngati dzina lao lachiwili. Dzina lomwelonso ndilo linali la mudzi, chifukwa apongoziwo ndiwo anayamba kugwetsa mitengo pamalopo. Ndipo kwathu mkazi satchula dzina la apongozi ake aamuna. Sakumana nao panjila, sadya iwo akuona, dzina lao salilola kudutsa pamano pake. Choncho mwana wanga ndimamuitana kuti apongozi. Pomusambitsa ndimati, "Tembenukani apongozi, ndikupukuteni kumbuyo," azimai anzanga n'kumaseka, koma onse amadziwa kuti panalibe njila ina. Kumudzi zimenezi sizivuta munthu. Palibe wokufunsa dzina la kumene ukhala uli komweko.

Mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, ndiye anayenela kupita nane kuchipatala, ndipo akanafika nkhani ino sikanakhalapo, chifukwa iye dzina la mudzi wa bambo ake amalitchula popanda mlandu. Tinayenda limodzi mpaka kumseu waukulu cha ku Kacholola. Lole yoyamba kuima inali itadzaza matumba a nshawa mpaka pamwamba, ndipo dilaiva anati kutsogolo kuli malo a munthu mmodzi, akwele wa mwana yekha. Mlamu anandikankhila m'mwamba nati, "Pitani mlamu, ine ndibwela ndi ina." Ina ija sinabwele tsiku limenelo.

Kachipatala kake kanali ka njelwa ndi malata, m'mbali mwa mseu kudela la Nyimba. Kanali ndi khomo ndi windo. Khomo linali la adokotala, amene kwenikweni anali wothandizila chabe, munthu wakuda ngati ife, koma tonse timati adokotala. Windo linali la akalaliki. Munthu sumalowa pakhomo wopanda kadi, ndipo kadi imatulukila pa windo. Pamtengo wa mango panapachikidwa chitsulo cha gudumu la lole. Mai amene ndinaima naye pafupi anandiuza kuti dzuwa likafika pamutu amachimenya, windo n'kutsekedwa, otsala onse mubwele mailo. Ine mailo, mawa lao lija, sindimalikhulupilila. Ndinayang'ana chitsulo chija, ndinayang'ana mthunzi wa mtengo, ndinayang'ana kutalika kwa mzele, ndinagwila mutu wa mwana, n'kuyambanso kuyang'ana chitsulo.

Akalaliki anali Mubemba, mwamuna woonda wa tayi, pensulo ina kuseli kwa khutu ina m'dzanja. Sanali woipa mtima, izi ndinazimvetsa pambuyo pake. Kungoti buku lao linali ndi mabokosi anai, ndipo anali atakhala nalo nthawi yaitali mpaka makutu ao anasanduka mabokosi omwewo. Loyamba dzina la wodwala, lachiwili dzina la bambo wake, lachitatu mudzi, lachinai nthenda. Bokosi lililonse limalandila liu limodzi. Ukawapatsa moni, moniyo imagwa pansi pa windo. Ukanena mau ambili, amatenga loyamba n'kuika m'bokosi loyamba, lachiwili m'bokosi lachiwili, choncho mpaka mabokosi atadzaza, otsalawo n'kutaya. Ukanena chinthu chosalowa m'bokosi, amakweza mutu pang'ono n'kuti, "Wotsatila," iwe n'kubwelela kumchila wa mzele kukaganiza bwino.

Patsogolo panga panali mkulu wina wa chilonda pamwendo. Atafunsidwa dzina anavula chisoti n'kuyankha monga ayankhila munthu wodzilemekeza: anatchula dzina laubwana, dzina limene anamupatsa azungu kumigodi, chiwongo chake, ndi dzina la malume amene anamulela. Akalaliki analemba zonsezo mofulumila, chilichonse m'bokosi mwake, napeleka kadi. Mkuluyo anadabwa kuti mafunso atha asanayambe, ndiye anapempha bambo wina kumbuyo kuti amuwelengele. Zinapezeka kuti bambo wake ndi dzina lake lomwe la kumigodi, mudzi wake ndi chiwongo chake, ndipo nthenda yake ndi malume ake.

"Malume anga anali munthu wabwino," anatelo mkuluyo.

"Mukawauze adokotala," anayankha akalaliki. "Wotsatila."

Anthu anaseka, ine sindinaseke, chifukwa wotsatila ndinali ine.

"Dzina."

Ndinagwada pansi pa windo monga ndinaphunzitsidwa kulankhula ndi akulu, ndipo akalaliki sanandionenso, amangomva mau ochokela pansi. "Bambo, mwanayu anayamba kutentha tili kumunda, ine ndimayesa dzuwa, ndinamupukuta ndi madzi ozizila, apongozi aakazi anamufukiza masamba, koma tsopano wakana bele, bambo ake ali ku Halale, mlamu wanga watsala panjila, ndipo..."

"Imililani amai, ndikuoneni. Dzina la wodwala."

"Ndi apongozi anga."

"Wodwala ndi mwana kapena apongozi?"

"Mwana."

"Dzina lake."

"Ndi la apongozi."

"Apongoziwo dzina lao ndani?"

Ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga. Akalaliki anadikila, pensulo ili m'mwamba. Kenaka anati, "Amai, bokosi loyamba likakhala lopanda kanthu sindingalumphile lachiwili. Wotsatila."

Ndinabwelela kumchila. Mpweya wa mwana umandiotcha pakhosi ngati nthunzi ya m'poto, ndipo misozi imangotsika yokha. Kumchilako kunali mai wina wonenepa wogulitsa nthochi pa lichelo, Mngoni wochokela kum'mawa amene anakwatiwa kudela limenelo. Anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe mtsikana, ukulila chiani? Mwana wasiya kupuma?"

"Iai amai, akupuma."

"Ndiye pukuta kumasoko. Wakubweza chifukwa chiani wa tayi uja?"

Ndinawafotokozela za dzina la mwana.

"Nanga la bambo wake?"

"Ndi lomwelo."

"Mudzi?"

"Lomwelonso."

Anaseka mpaka nthochi zinagwedezeka pa lichelo. "Apongozi ako anakhala pamipando yonse, sanakusiyile ngakhale mpasa."

Azimai a pafupi analowapo. Wina anati ndikanong'oneze pa windo, palibe adzamva. Wina anati kunong'ona n'kutchula komwe, mau ndi amodzimodzi angochepa msinkhu. Ine ndimayang'ana nkhope zao imodziimodzi kufuna kuona ngati pali wa kufupi ndi kwathu, pakuti nkhani yotele imafika kumudzi mwini wake asanafike. Ndipo si manyazi okha amene amandigwila. Ndimaganiza kuti ndikatchula dzinalo, mwana n'kukula nthenda, kodi aliyense sadzanena kuti ndine ndamupweteka ndi pakamwa panga, nanenso sindidzakhulupilila zomwezo? Koma ndikapanda kutchula kadi palibe, ndipo popanda kadi khomo lija silitseguka. Mantha awili amandikoka uku ndi uku, ine ndili pakati ndi mwana wotentha.

Mzele unayenda, ndipo ndili kuyandikila windo ndinakumbukila kuti ndinapitako kusukulu.

"Dzina."

"Bambo, ndibwelekeni pensulo ndilembe ndekha."

Anandiyang'ana ngati ndapempha tayi yao. "Pensulo iyi ndi ya boma. Buku ndi la boma. Dzanja lololedwa kulembamo ndi ili."

"Ndilembe pansi ndi chala, inu muwelenge."

"Ndikachoka pampando windo latsekedwa, ndi lamulo."

Gogo wina kumbuyo kwanga anakodola nsalu yanga. "Usalembe mwanawe. Kulemba n'kutchula komwe, kungoti ndi zala."

"Iai, sikutchula," anatelo mai wina. "Nanga zala zili ndi lilime?"

"Mukatsutsilane kumchila," anatelo akalaliki. "Wotsatila."

Pobwelela ndinaona kuti mthunzi wa mango wachepa, wasonkhana patsinde. Ndinaonanso kuti bambo womenya chitsulo watuluka, waima pafupi nacho, nyundo kukhwapa, akudya nzimbe. Mwana sanali kulila, ndipo kusalila kwakeko ndiko kumandiopsa koposa.

Mai a nthochi anaika lichelo pansi nauza gogo uja kuti aziingitsa nchenche. "Bwela kuno iwe. Mudzi wako uli kudela liti? Usatchule mudzi, tchula dela."

"Kwa Nyalugwe."

"Nthochi izi ndimagula komweko. Midzi yonse ndimaidziwa pamodzi ndi agalu ake. Ndiyamba kutchula kuyambila pamseu waukulu kutsika kumunsi. Kwanu ukamva dzina la apongozi ako umachita chiani?"

"Ndimawelama."

"Ndiye ukalimva uwelame, tione."

Anayamba. Amatchula mudzi n'kundiyang'ana, ine chilili. Amatchula wina n'kundiyang'ana, ine chilili. Anthu anasiya kuyang'ana windo, onse anatembenukila kwa ife. Bambo wina anati, "Mwadumpha umodzi, wa patsidya pa mtsinje." Mai a nthochi anati, "Umenewo unasamuka, ndani sadziwa?" Bamboyo anati unasamuka theka, theka lina lilipo, ndipo anakangana za theka limenelo ine ndikuona nzimbe ya womenya chitsulo ikufupika. Atapitiliza anafika pamudzi wina umene anthu ake anamugulitsapo nthochi zosakhwima, ndipo anaima kuti awanyoze bwinobwino, iwo ndi nthochi zao. Ndimafuna kumugwila mkono n'kumuuza kuti amai fulumilani, koma munthu wokuthandiza sumuthamangitsa. Ndinangoluma mlomo n'kumawelengela mumtima midzi yotsala kuti afike kwathu, pakuti njila imene amatsata pakamwa ndiyo ndinayenda ndi miyendo m'mawa womwewo.

Kenaka analitchula. Sindinachite kuganiza, maondo anapinda okha, ndipo ndinakokela chitenje kumaso.

"Ndi limeneli?"

Ndinawelama kwambili.

Dzina lija linayamba kuyenda mumzele, uyu kuuza uyu, uyu kuuza uyo, ngati chikho cha madzi, ndipo nthawi iliyonse likamveka mutu wanga umatsika. Mai a nthochi anandigwila padzanja n'kundikokela kutsogolo. Palibe anadandaula kuti tadumpha mzele, onse amafuna kuona mathelo ake.

"Dzina," anatelo akalaliki.

Mai a nthochi analitchula mokweza.

"Amai a nthochi, inu simudwala. Woyankha ndi amene wanyamula wodwala."

Maiwo anatembenukila kwa ine. "Masula, bwela naye kuno."

Ndinagwilitsa mbeleko. Masiku amenewo kumamveka zambili zonong'onezana, za anthu osowa m'njila, za maina olembedwa m'mabuku a boma kuti amatumizidwa ku Halale, ndipo mai ameneyu ndinali nditamudziwa m'mawa womwewo. Koma ndinayang'ananso nzimbe ija. Ndinamasula mbeleko, anamutenga mwana namuika paphewa pake, ine ndikugwilabe kaphazi kake kamodzi, sindinakasiye.

"Ndanyamula wodwala. Funsa tsopano, iwe wodya anyani."

"Inu odya mbewa mudzandichotsetsa nchito," anatelo akalaliki. Angoni ndi Abemba amatukwanana choncho popanda mlandu, ndi chimbuya chao, ndipo aka kanali koyamba kuona mano a akalaliki. "Dzina."

Analitchula. Pensulo inayenda.

"Bambo wake."

Analitchulanso. Pensulo inaima.

"Limenelo ndalemba kale."

"Lembanso, dzanja silithyoka."

Analemba monyinyilika. "Mudzi."

Analitchula kachitatu. Akalaliki anaika pensulo pansi napinda manja.

"Mukundiseweletsa. Dzina limodzi m'mabokosi atatu? Akabwela oyendela mabuku adzati ndinagona pensulo ikuyenda yokha."

"Bokosi lako lifuna mau angati?"

"Liu limodzi."

"Ndakupatsa angati?"

"Limodzi."

"Pena pake m'bukumo analemba kuti liulo likhale lachilendo nthawi zonse?"

Akalaliki anatsegula chikuto cha buku, kumene kunamatidwa pepala la malamulo, nawelenga ndi chala kuyambila pamwamba mpaka pansi, osafulumila, milomo ikugwedezeka. Ine ndimamva nzimbe ikutafunidwa kumbuyo kwanga.

"Sanalembe," anatelo, natola pensulo. "Koma kwathu mudzi ndi mwana timazisiyanitsa."

"Kwanu musiyanitsa nyani ndi ndiwo?"

Analemba. "Nthenda."

Mai a nthochi anandibwezela mwana. "Bokosi ili ndi lako, ine sindinagone naye. Koma liu limodzi mwana wanga, loyamba kutuluka ndilo atenge."

Nkhani yonse inathamangila pakamwa nthawi imodzi, munda, dzuwa, masamba, Halale, lole, mlamu, zonse zikukankhana kuti zituluke, ndipo patsogolo penipeni panali mau akuti tili kumunda. Ndinameza. Ndinafuna kunena kuti wakana bele, pakuti ndicho chimandiopsa, koma ndinadziwa kuti adzatenga wakana, bele n'kutsala pansi pa windo. Ndinamezanso.

"Kutentha."

Analemba m'buku, analembanso pa kadi, naitulutsa pa windo osandiyang'ana. "Wotsatila."

Chitsulo sichinalile nthawi imeneyo. Pambuyo pake ndinamva kuti pamalopo dzuwa silimafika pamutu womenya chitsulo asanamalize nzimbe yake, ndipo tsikulo anali ndi ina m'thumba.

M'kati munali kafungo ka mankhwala ndi benchi limodzi. Adokotala anali bambo wamkulu ndithu, wa imvi m'mbali. Kadi anangoiyang'ana pang'ono naiika pathebulo.

"Nenani zonse amai, kuyambila pachiyambi."

Ndinati, "Kutentha."

Anadikila. Ine ndinadikilanso, poyesa kuti bokosi ladzaza.

"Basi?"

"Ndinene ambili?"

"Kuno kulibe mabokosi."

Pamenepo zonse zinatuluka, munda, dzuwa, masamba, bele, ngakhale za theka la mudzi losamuka, ndipo iwo amamvetsela uku akutsegula maso a mwana ndi chala, akugwila pamimba, akuika khutu la chitsulo pachifuwa. Anati ndi malungo. Anamugoneka chafufumimba pamiyendo panga n'kumulasa nyeleti pathako, ndipo mwana amene anakhala chete tsiku lonse anakuwa mpaka mai a nthochi anamva ali panja. Kulila kumeneko kunandikoma. Anamumwetsanso madzi owawa pa supuni, theka analavulila pa malaya a adokotala. Anandiuza kuti ndisabwelele kumudzi, ndigone pafupi, ndibwele nayenso mailo pamodzi ndi kadi.

"Ndikayankhenso pa windo?"

"Iai. Mukangoonetsa kadi, nambala yake idzakuyankhilani."

Ndinakhala pansi pa mango mpaka dzuwa litapendeka. Lole zimadutsa, ndimadzuka kuyang'ana mlamu, osaoneka. Chitsulo chinalila, windo linatsekedwa, anthu anabalalika. Mai a nthochi anati ndikagone kwao, kuseli kwa mseu, koma ayambe agulitsa zotsala. Ndili chikhalile choncho ndinamva msana wa mwana wanyowa. Ndinayesa wakodza, koma linali thukuta, pamphumi, pakhosi, m'khwapa monse. Patapita kanthawi anayamba kugwedeza mutu, kukamwa kuli yasa, kufunafuna. Ndinamupatsa bele. Anagwila, anasiya, anagwilanso, kenaka anakoka ndithu, ndipo ululu wa mkaka umene unadzaza kuyambila dzulo lake unayamba kutsika.

Ponyamuka ndinatola kadi kuti ndiisunge. Ife azimai tinalibe matumba, chinthu chosafunika kutayika timachilowetsa pachifuwa, m'kati mwa nsalu. Dzanja linali litafika kale pamenepo pamene maso anagwela pa zolembedwazo. Linali pomwepo dzina lija, m'zilembo zoongoka za akalaliki, pamwamba, pakati ndi pansi. Ndinali ndisanalionepo litalembedwa. Dzanja linaima m'malele.

"Chavuta n'chiani tsopano?" anafunsa mai a nthochi.

Ndinawaonetsa kadi, ndinawaonetsa kumene ndimafuna kuiika.

"Mtsikana iwe, ufuna kuika apongozi m'mabele? Atatu onse?"

Anang'amba tsamba la nthochi la pansi pa lichelo, tinaikulunga kadi bwinobwino n'kumanga ndi luzi. Ndinaisenza pamutu, ndipo tinaoloka mseu, iwo patsogolo ndi lichelo lao, ine pambuyo ndikuyenda pang'onopang'ono kuti isagwe, mwana akuyamwabe.